Pepala la Pansi

Pakhoma la ofesi ya zaumoyo ku Ulongwe
panali mapepala anayi.
Atatu anali ndi eni ake kale,
amuna a nsapato zosongoka, makiyi a galimoto akulira m'zala,
akuwerenga za malata, za matayala, za simenti.
Lachinayi linali m'munsi, pomwe anthu amatsamiritsa njinga,
ngodya yake itapindika ndi chifunga cha mu Juni.
Ndinachita kugwada kuti ndiliwerenge.

Boma likufuna timatumba mazana awiri ndi makumi anayi,
tija amalowetsamo miyendo ya khanda
polikoleka pa sikelo.

Ndinaseka ndekha.
Ine Donasiyana, wa makina opalasa ndi phazi pakhonde la Kandido,
ana anga asanu onse analendewerapo m'menemo,
ndipo ndikudziwa pomwe timayambira kuthetheka:
si pansi ayi,
ndi pa lamba, pomwe mwana amakakamira
akaona kuti dziko lamuchoka kumapazi.

Chaka choyamba ndinagwa.
Mtengo unali bwino, koma envulopu yanga inali yowonda.
Mlamu wanga anati, mukanapereka ya fanta.
Ine ndinati safunsa anadya phula,
ndinabwerera, ndinakhala pabenchi
mpaka kalaliki Bonifasiyo atamaliza chimanga chake chootcha.
Ndiuzeni chomwe chinasowa.
Anapinda zala chimodzichimodzi:
chiphaso cha bizinesi palibe,
kalata ya ku Finansa yoti mulibe ngongole ya msonkho palibe,
buku la ku banki likadali m'dzina la malemu amuna anu.
Mayi, boma silidziwa nkhope. Limadziwa chidindo.

Ndinakumba mbatatesi mtengo usanakwere.
Ndinakwera chapa nditavala juzi,
pofika ku Moatize ndinali nditaivula, ndikupukutira thukuta.
Kawiri konse ulendo umenewo,
chifukwa tsiku loyamba wosayina anali kumaliro.

Usiku ndinawerengera ndi pensulo ya mdzukulu:
nsalu yolimba, ulusi, singano zomwe zidzathyoke,
mafuta a njinga yamoto yopita ku Domwe,
ndi miyezi yodikira. Iyonso ili ndi mtengo wake.

Tsiku lotsegula maenvulopu analipo atatu okha.
Akuluakulu aja sawerama kutola chingwe.
Wina anabwera ndi chithunzi chowala cha m'kabuku,
ine ndinabwera ndi kathumba kenikeni.
Namwino wamkulu, mayi Jenoveva, anakatembenuza kunsi,
kuyendetsa chikhadabo m'msoko,
kenako anatuma mlonda akatenge miyala.
Tinakakoleka pa nthambi ya mbawa.
Makilo khumi. Makumi awiri.
Nthambi inawerama, ulusi wanga sunatsokomole n'komwe.

Dzina langa linatuluka pakhoma lomwe lija,
atalilemba molakwika, koma linali langa.

Musandifunse za ndalama msanga.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Ndinapereka katundu chimanga chili m'mawondo,
malipiro anafika tikukolola.
Pakatipo anandinyamula ndi amayi a chipereganyu,
ndi Zeferino, mnyamata wodula nsalu,
amene anavomera kulandira theka
bola ndimuphunzitse kusoka kolala.
Risiti iliyonse ndinaisunga m'chitini cha mabisiketi.

Lachitatu lapitali ndinadutsa ku Lifidzi.
Pansi pa mtengo, mzere wa amayi, makadi m'manja,
ndipo kamtsikana kena kali m'malere,
kakupalasa mphepo, kakulira dziko lonse limve,
zala zake zitagwira ndendende pa lamba paja,
pomwe ndinabwereza msoko katatu ndi ulusi wobiriwira.
Muvi wa sikelo unanjenjemera, nuima pa naini.
Mayi ake sanandidziwe. Anandipempha ndisendere,
ndimawatchingira dzuwa.

Mawa ndipitanso kukhoma lija.
Ndamva kuti makatani a chipinda chochiliramo atha.
Ndavala kale chitenje chakale,
chosadandaula fumbi la m'mawondo.